Kodi Ciphaso Cidzawerengetsa Mwana?

Abale ndi alongo a m'mipingo ya ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndiri ndi mlandu umene ndifuna kuutula pa bwalo panu. Mlanduwo ngwa ife aphunzitsi, koma inunso makolo muli m'kati mwace, pakuti ana amene ndidzanena za iwo ndiwo anu omwe, amene muwadzutsa mamawa ndi kuwapatsa mbatata ya m'thumba, nimuyembekeza kuti tsiku lina adzakuwerengerani kalata.

Pa nyengo yopumula sukulu anadza kwathu mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa nzeru, amene ali mphunzitsi monga ine. Iye alikukonzekera mayeso a aphunzitsi apadera, othandiza ana obvutika kuwerenga. Anadza ndi makope atatu odzala ndi zolemba, nandipempha kuti ndimfunse mafunso madzulo. Ndinamfunsa kufikira mafuta a nyali anatha, ndipo sanaphonye funso ngakhale limodzi. Anachula maina a akatswiri a kutsidya kwa nyanja ndi zaka zao, nanena tanthauzo la bvutolo monga wakalasi anena Katekisma. M'mawa mwace ndinaitana mtsikana wa zaka 10 wa m'mudzi mwathu, amene alikubwereza Sitandade 3, ndipo ndinati, "Nayu mwana, umphunzitse." Mnyamatayo analemba pa sileti mau akuti phala, nati, "Nena monga ndinena ine: phala." Mwana anati, "Phala." Iye anakondwa. Ine ndinafafaniza, ndi kulemba khola, ndipo mwana, atayang'ana nkhope zathu, anatinso, "Phala." Pomwepo mnyamatayo anaika sileti pansi, nati, "Atsibweni, zimenezi sizidzafunsidwa pa mayeso."

Mau amenewa ndiwo mlandu wanga. Sindimtsutsa iye yekha, pakuti ananena poyera cimene ambiri a ife ticita mobisa. Ndinena ine kuti munthu wokonzekera mayeso a kuphunzitsa kuwerenga, wosakhala pansi ndi mwana wolephera kuwerenga, alikukonzekera kunyenga. Adzanyenga omuyesa, adzanyenga Boma lomlipira, ndipo koposa onse adzanyenga inu.

Poyamba ndikuuzeni za bvutolo, pakuti ambiri simunamve dzina lace, ngakhale nkhope yace muidziwa. Kuli ana amene maso ao aona bwino, makutu ao amva bwino, nzeru zao ziri zakuthwa, afika ku sukulu masiku onse, koma malembo awakanika. Azungu alichula bvuto limeneli dyslexia. M'caka ca 1877 sing'anga wa ku Germany, Adolph Kussmaul, analemba za anthu amene analephera kuwerenga ngakhale maso ao anali abwino, nati ali ndi khungu la mau. M'caka ca 1887 Rudolf Berlin, sing'anga wa maso wa ku Stuttgart, anaturutsa buku limene linabukitsa dzina lija la dyslexia. Ndipo m'caka ca 1896 sing'anga W. Pringle Morgan wa ku Seaford, m'dziko la England, analemba za mnyamata wa zaka 14, wocenjera pa masewera ndi pa masamu, amene sanakhoza kulemba bwino ngakhale dzina la iye mwini. Ndipo mphunzitsi wace anacita umboni kuti maphunziro akadakhala a pakamwa pokha, mnyamatayo akadapambana anzace onse m'sukulumo.

Lero tidziwa zoposa zimene anadziwa iwo. Bvutolo siliri m'maso. Liri m'njira imene ubongo ugawira maliu a m'kati mwa mau ndi kuwalumikiza ndi malembo. Ife tikamva mau akuti khola, tikhoza kuwamasula monga mtolo wa nkhuni, kuti kho ndi la, ndipo kho timgawanso, kuti kh ndi o. Mwana wa bvutoli amva khola monga mwala umodzi wosagawika. Cotero pamene timuonetsa malembo asanu ndi kuti ndiwo khola, iye saona cifukwa cace. Bvutoli litsata mtundu, ndipo kawiri kawiri mukafunsa mudzapeza atate kapena atsibweni a mwanayo anasiya sukulu pa cifukwa comweco. Si ufiti, si ulesi, si themberero. Palibe mankhwala olicotsa, ngakhale a sing'anga wa kumudzi, ngakhale a kucipatala. Magalasi a maso salithetsa. Ndipo silitha ndi kukula. Koma mwanayo aphunzira kuwerenga ndithu akapeza womphunzitsa moyenera.

Ndisanaloze ena cala, ndiulule kucimwa kwanga. Pamene ndinaturuka ku sukulu ya aphunzitsi, imene akuru athu anali kuichula Normal, ndinali ndi ciphaso cabwino ndi mtima wodzikuza. M'kalasi yanga yoyamba munali mnyamata wodziwa ng'ombe zonse za m'mudzi ndi maanga ao ndi eni ace. Nkhani ikawerengedwa kamodzi, iye anali kuibwereza yonse osasiya mau. Ndipo ndi nzeru yomweyo anandinyenga miyezi isanu, pakuti anali kugwira buku ndi kunena za pamtima. Tsiku lina ndinampatsa tsamba losazolowereka, ndipo anangokhala duu. Ine ndinati ndi mwano, ndipo ndinamkwapula. Caka cotsatira ndinamkhazika kumbuyo, ndinaleka kumfunsa, ndipo anzace anayamba kumchula mbuli. Anabwereza kalasi katatu, nacoka, napita ku minda ya fodya. Ndinakomana naye patapita zaka zambiri pa msika wa fodya ndi soya, ali bambo wa ana, alikupempha mnyamata wosamdziwa kuti amuwerengere pepala la malonda ace. Anandipatsa moni waulemu, nati, "Aphunzitsi, muli bwanji?" Kalanga ine! Dzina limenelo linandilasa koposa mkondo. Ciphaso canga cinali m'bokosi, cosadyedwa ndi njenjete, ndipo munthu amene ciphasoco cinandituma kwa iye anali kuika cala ca inki pa pepala losaliwerenga.

Tsono funso ndi ili: munthu wofuna kuchedwa mphunzitsi wa ana otere ayenera kukonzekera ciani? Ndichula zinthu zitatu, ndipo mudzaona nokha kuti palibe cimodzi cimene munthu angacitenge m'kope.

Coyamba ndico kusiyanitsa. Si mwana aliyense wolephera kuwerenga ali ndi dyslexia. Ambiri sanaphunzitsidwe konse. M'caka ca 1994, pamene Boma linacotsa fizi ya sukulu za pulaimale, ana anacuruka kucokera pafupi 1.9 miliyoni kufikira pafupi 3 miliyoni, ndipo analembedwa nchito aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzira uphunzitsi. Cinali cinthu cabwino kutsegulira ana a amphawi khomo, koma makalasi anasefukira. Pamene ana anayesedwa kuwerenga m'dziko lonse m'caka ca 2010, kunapezeka kuti oposa theka a Sitandade 2 sanakhoza kuwerenga mau ngakhale amodzi a m'nkhani ya Cicewa. Kodi onsewo ali ndi khungu la mau? Iai. Wina ajomba cifukwa ca malungo, wina cifukwa ca mtsinje wodzala, wina nyengo yosoka fodya; wina ali ndi njala; wina khutu lace lituruka mafinya, samva; wina saona pa bolodi; wina akhala kumbuyo kwa ana 100, kumene liu la mphunzitsi silifika. Wa dyslexia ndiye amene atsala m'mbuyo ngakhale zonsezi zacotsedwa, ndipo waphunzitsidwa bwino monga anzace. Kumdziwa iye kufuna masabata a kupenya ndi kufunsa amai wace. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokonzekera mayeso aloweza mndandanda wa zizindikiro, nadza kumudzi kusaka ana olemba b m'malo mwa d, osadziwa kuti ana ang'ono ambiri acita cotero poyamba, nasiya okha. Potero apatsa dzina la bvuto mwana wopanda bvuto, naphonya amene ali nalo.

Caciwiri ndico kudziwa cinenero ca mwanayo kufikira pa mizu yace. Mabuku ambiri onena za bvutoli analembedwera ana a Cingerezi, cimene kalembedwe kace kali kosokonezeka, lembo limodzi likhala ndi maliu ambiri. Cicewa siciri cotero. Tiri ndi malembo a liu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo phatikizo liri lonse lithera pa limodzi la iwo, kupatula m wa pa mau onga mtengo. Ambiri a ife tinalowa m'kuwerenga pa khomo limeneli la maphatikizo, m'buku lija la Sosa. Koma Cicewa ciri ndi misampha yace. Taonani pala ndi phala, kola ndi khola, tumba ndi thumba. Kusiyana kwace ndi kampweya cabe. Taonani ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'thengo. Kusiyana kwace ndi kacizindikiro kakang'ono pamwamba. Taonani mau onga nkhwangwa ndi mphwayi, m'mene malembo anai aima pamodzi lisanafike lembo la liu. Pamenepo ndi pamene mwana wathu agwa. Kumbukiraninso kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Chichewa Board inakonza kalembedwe, mwana ku sukulu aphunzira kulemba "ntchito" ndi "chifukwa", koma m'Mabaibulo akale a m'nyumba zathu apeza nchito ndi cifukwa, monga ndilembera ine amene ndinaleredwa pa mabuku amenewo. Kwa ife ndi kanthu kocepa, koma kwa iye ndi mtsinje winanso woti aoloke. Ndipo popeza Cicewa cilembedwa monga cimveka, mwana wa bvutoli akhoza kubisala: awerenga molondola, koma pang'ono pang'ono, phatikizo ndi phatikizo, nafika kumapeto kwa ciganizo ataiwala ciyambi cace. Mphunzitsi wosachera khutu ati zonse ziri bwino, kufikira makalasi a pamwamba, kumene maphunziro ndi mayeso ambiri ali m'Cingerezi, ndipo pamenepo mwana agwa cagada.

Cacitatu ndico luso la manja. M'caka ca 1925 sing'anga Samuel Orton wa ku Iowa, m'dziko la America, anayamba kulemba za ana otere. Ndipo m'zaka za m'ma 1930 Anna Gillingham ndi Bessie Stillman anakonza njira yowaphunzitsira, imene igwira nchito kufikira lero. Mtima wa njirayo ndi uwu: liu limodzi pa nthawi imodzi, mwana alione lembo, alimve, alinene, alilembe ndi cala, osalumpha kupita patsogolo cakumbuyo cisanakhazikike, ndipo tsiku liri lonse abwereze za dzulo. Kodi m'menemu muli cinthu cofuna ndalama? Mcenga tiri nao, dongo tiri nalo, cimanga ciri m'nkhokwe. Mtsikana uja wa phala ndi khola ndinayamba naye cotero. Ndinaika njere za cimanga pa mphasa, njere imodzi liu limodzi, kuti azikankha njere ponena liu. Ndinamuuza aike dzanja pakamwa ponena pa ndi pha, kuti amve mpweya. Anaumba malembo ndi dongo, nawalemba m'mcenga. Sabata loyamba sitinaposa malembo atatu. Zimenezi munthu angathe kuzilemba pa pepala la mayeso m'mizere isanu. Koma kudziwa nthawi yoonjezera ndi nthawi yobwerera, kuzindikira kuti mwana watopa kapena alikulota cabe yankho pa nkhope yako, kugwira mtima pamene waiwala Lolemba zonse anazidziwa Lacisanu, izi ziphunziridwa pa mphasa pokha. Munthu saphunzira kusema mpini pa kumva mbiri ya nkhwangwa.

Eni ace a maphunzirowa adziwa ici. Ku America kuli bungwe lochedwa Academic Language Therapy Association, lopatsa ciphaso akatswiri othandiza ana a dyslexia. Munthu asanaloledwe kulemba mayeso ao a ukatswiri, ayenera kukhala m'kalasi maora 200, ndi kuphunzitsa ana enieni maora 700, akuru ace alikupenya nchito yace. Taonani muyesowo: pa ora limodzi la m'buku, maora atatu ndi theka a pa mwana. Kuno kwathu sukulu ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, iphunzitsa aphunzitsi apadera a ana akhungu ndi ogontha, ndipo kuyambira m'caka ca 1996 inaonjeza a ana obvutika kuphunzira. Kuyambira m'caka ca 2016 Boma linayambitsa National Reading Programme, kuti ana a makalasi oyamba aphunzire maliu a malembo ndi maphatikizo mwa dongosolo. Zonsezi ndi zabwino, ndipo ndiziyamika. Koma sukulu ipatsa munthu khasu cabe. Kulima alima mwini.

Ndidziwa kuti alipo onditsutsa, ndipo ndiwayankhe.

Mnzanga wina adzati, "Iwe wakalamba, udana ndi mayeso cifukwa acinyamata akupitirira." Iai, mbale wanga. Mayeso ndiwafuna, ndipo ndifuna akhale obvuta koposa. Sindidakonda kuti mwana wanga atumbulidwe ndi munthu wosayesedwa, ndipo sindifuna kuti aphunzitsidwe ndi wotere. Ciphaso cikweza malipiro, ndipo wanchito wa ana asanu sacimwa pofuna malipiro. Cimene ndikana ndico ciphaso cokhala ngati tikiti ya basi, cimene munthu acifuna kuti acoke ku Malomo kapena ku Kayembe, nakakhale m'ofesi ku Lilongwe, kumene sadzaonanso mwana wa mamina. Ndipempha oyesa kuti mbali ya kuphunzitsa mwana pamaso pao ilemere koposa mbali ya pepala, ndipo wolephera pa mwana asapulumutsidwe ndi kuloweza kwace.

Wina adzati, "Ndiri ndi ana 100 m'kalasi, nthawi ya mwana mmodzi ndiitenga kuti?" Ameneyu anena zoona, ndipo sindimnyoza, pakuti katunduyo ndamsenza inenso. Koma sindipempha tsiku lonse. Mphindi 20, ana atatu kapena anai, pansi pa mtengo anzao ataweruka, masiku anai pa sabata. Ndipo wokonzekera mayeso, amene apeza maora atatu usiku uli wonse a kuloweza, asanene kuti mphindi 20 alibe. Ndinenetsa kuti amene waphunzitsa mwana mmodzi miyezi isanu ndi umodzi adzayankha bwino koposa pa pepala pomwe, pakuti mau ali onse a m'kope mwace adzakhala ndi nkhope.

Ndipo wina wa inu makolo adzati, "Izi ndi za Azungu, makolo athu anaphunzira kuwerenga opanda maina awa." Indedi mapiri ano ali ndi mbiri ya kuwerenga yosacititsa manyazi. Ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga m'caka ca 1889. Ku Kongwe anamanga m'caka ca 1894. Pa phiri la Kaso William Murray ndi anzace, Azungu ndi anthu a dziko lino, anagwira nchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'caka ca 1922. Aphunzitsi a m'midzi a masiku aja anali a maphunziro ocepa, nalembetsa ana m'mcenga posowa masileti, ndipo anthu anali kuwayesa ndi funso limodzi: kodi mudzi wace uwerenga? Funso limenelo ndilo ndifuna libwerere. Koma tisanamizane. M'masiku omwewo analipo otsalira, amene anakwapulidwa, nachedwa a mitu youma, nakalamba alikutsegula buku la nyimbo cozondoka m'kacisi kuti anzao asawazindikire. Ena a inu muwakumbuka. Ena a inu ndinu omwewo. Dzina lidze kucokera kutali, koma bvutolo ndi mbadwa ya kuno.

Cotero, inu amai ndi atate, nayi mbali yanu. Lekani kuchula mwana wotere citsiru, pakuti dzina limenelo alikhulupirira msanga koposa phunziro liri lonse. Musataye nkhuku ndi mbuzi kwa oombeza. Mupite naye ku cipatala ayesedwe maso ndi makutu. Ndipo zikapezeka zabwino, mupite kwa mphunzitsi wamkuru, nimufunse ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wapadera. Musakhute ndi kumva mwana alikunena za m'buku. Mlozereni mau a pa thumba la feteleza kapena pa botolo la mafuta, muone ngati awerenga. Mumuwerengere nkhani madzulo, kuti nzeru zace zisafe ndi njala pamene maso ace alikuphunzira. Inu akuru a mpingo ndi a komiti ya sukulu, kacisi akhala wotseka kuyambira Lolemba kufikira Loweruka m'midzi yambiri. Mtsegulireni mphunzitsi ndi ana ace anai, ndipo mumpatse mphasa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo akadza pakati panu mphunzitsi wa ciphaso catsopano, mumlandire ndi ulemu, koma patapita miyezi isanu ndi umodzi mumfunse mofatsa kuti, "Aphunzitsi, tionetseni mwana amene sanali kuwerenga, ndipo tsopano awerenga." Wanchito woona adzakondwa nalo funsolo.

Mwana wa mlongo wanga anakwiya nane masiku awiri. Tsiku lacitatu ndinampeza kuseri kwa nkhokwe ali pa mphasa ndi mtsikana uja, njere za cimanga ziri pakati pao, alikumgwiritsa dzanja pakamwa. Anakhala naye masabata atatu. Pocoka, mwanayo anali kusiyanitsa pa ndi pha, ka ndi kha, koma ta ndi tha anali kumsokonezabe, ndipo nchitoyo yatsala m'manja mwanga. Mnyamatayo anandiuza kuti ku sukulu kwace alipo ana awiri a kumbuyo amene adzayamba nao. Mayeso ace ali patsogolo, ndipo ndimfunira kuti akhoze. Za ana awiriwo ndidzamfunsa akadzabwera pa Khirisimasi, ndisanamfunse za ciphaso.

Ine wanu m'nchito ya ana,
Mphunzitsi wa ku mapiri a Ntchisi.